Mwana wapezeka ndi mtovu 38 m'magazi koma sanamupatse mankhwala

Agogo a ku Kasanda:
Moni nonse. Mdzukulu wanga wa zaka ziwiri amuyeza magazi a pachala kuno ku Kabwe m'dziko la Zambia, papepala alembapo mtovu 38 µg/dL. Mankhwala sanatipatse, angoti tibwerenso. Mwanayo akusewera bwinobwino. Kodi 38 ndi yochuluka bwanji, nanga tichitenji pakhomo?

Wa ku Labu:
Agogo, µg/dL ndi muyezo wa kuchuluka kwa mtovu m'magazi, ndipo 38 ndi yochuluka ndithu. Bungwe la WHO limati ikangofika pa 5, afufuze kale kumene mtovuwo ukuchokera. Kusewera kwa mwana kusakupusitseni, mtovu umawononga ubongo mwakachetechete, mavuto n'kudzaonekera kusukulu.

Koma choyamba nambalayo itsimikizidwe. Magazi a pachala amanamiza ngati dzanja linali ndi fumbi, ndipo fumbi la ku Kasanda lili ndi mtovu. Kupukuta ndi sipiriti kumapha tizilombo koma sikuchotsa mtovu. Dzanja lisambitsidwe ndi sopo ndi madzi, liume, dontho loyamba alipukute, atenge lachiwiri. Pemphani kuti amutenge magazi a mumtsempha pasanathe milungu iwiri, amuyezenso ngati magazi akuchepa m'thupi. Abale ake osakwana zaka zisanu ndi chimodzi ayezedwenso, ndi mayi woyembekezera ngati alipo pakhomopo.

Namwino wa Ana:
Za mankhwalazo sanalakwitse, agogo. Mankhwala okoka mtovu amayambidwa kawirikawiri nambala ikafika 45. Omwa amatchedwa succimer: 10 mg pa kilo iliyonse ya mwana, katatu patsiku kwa masiku 5, kenako kawiri patsiku kwa masiku 14. Ikafika 70, kapena mwana akudwalika, ndiye amagonekedwa m'chipatala n'kulandira a mumtsempha. Si mankhwala ogula nokha, pamafunika kumuyang'anira chiwindi ndi magazi.

Pali china chimene anthu ambiri sauzidwa. Mankhwalawa amatsitsa mtovu wa m'magazi, koma wambiri umakhala utabisala m'mafupa kwa zaka. Akamaliza kumwa, wa m'mafupawo umatulukanso, nambala n'kukweranso. Ndiye mwana akabwerera pabwalo lomwelo la fumbi, ntchito yonse yapita pachabe. N'chifukwa chake pa 38 mphamvu zonse zimapita kotseka njira imene mtovu ukulowera, n'kumuyezanso pakatha milungu iwiri mpaka mwezi. Ikamakakamira cha m'ma 40, dokotala angaganize zoyamba mankhwala.

Akayamba kusanza mobwereza, kugona mopitirira, kudzandira poyenda kapena kukomoka, musadikire tsiku limene anakulemberani. Thamangani naye tsiku lomwelo, pepala lija m'manja.

Bambo a Zaukhondo:
Ndiwonjezepo za pakhomo, poti mpamene pagona nkhani. Mgodi wa mtovu wa ku Kabwe unatsekedwa mu 1994 koma mtovu suola, udakali m'dothi la Kasanda, Chowa ndi Makululu. Mwana wa zaka ziwiri amaudya kudzera m'manja, ndipo thupi lake limayamwa kanayi kapena kasanu kuposa la munthu wamkulu.

Musasese pouma, tsache limangouulutsa. Wazani madzi kaye, m'nyumba muzikolopa, ndipo madzi okolopera musawatayire pamene ana amasewera. Nsapato zizitsala pakhomo. Mwana asambe m'manja ndi sopo asanadye chilichonse ngakhale chitumbuwa, komanso asanagone, zikhadabo zikhale zowenga. Azidyera ndi kusewera pamphasa yoyera. Pabwalo dzalani kapinga, kapena thirani dothi lochokera kutali ndi mgodi. Ngati pali wina amakatola miyala kapena zitsulo ku chulu cha zotsalira za mgodi, kaya amaphwanya mabatire a galimoto, asambe ndi kusintha zovala asananyamule mwana, zovalazo zichapidwe pazokha. Kuwiritsa madzi sikuchotsa mtovu, chofunika n'kuvundikira ndowa kuti fumbi lisagweremo.

Namwino wa Ana:
Ndinaiwala za chakudya. M'mimba mopanda kanthu mtovu umalowa msanga, choncho phala la m'mawa asaliphonye. Mwana wochepa ayironi amayamwa mtovu wambiri. Mupatseni nyemba, bonongwe, chiwindi, ndi kapenta wosinja pamodzi ndi minga yake chifukwa cha kashiamu, kenako gwafa kapena lalanje kuti ayironiyo alowe bwino. Masamba a padimba la pakhomo atsukeni kwambiri musanawadule. Akapezeka kuti magazi ndi ochepa, mankhwala a ayironi amwe mpaka kumaliza miyezi yonse imene amulembera.