Za kuiwalaiwala kwa bambo anga, MRI ija yatuluka

Paja ndinafunsa kuti nchifukwa chani bambo anga akuiwalaiwala zinthu chonsecho mwendo ndi mkono zinayambanso kugwira pambuyo pa sitiroko ija. Ena munati tikapangitse MRI, makina ojambula mkati mwa ubongo mwatsatanetsatane, osangodalira chithunzi cha CT chomwe anawajambula tsiku loyamba lija, ndiye tinapitadi ndipo zotsatira zatuluka.

Pomwe panaonongeka ndi sitirokoyo ndi pang'ono, koma pali pa thalamus, mkati mwenimweni mwa ubongo momwe mauthenga ambiri amadutsira, ndiye adokotala akuti chikuvuta ndi malo akewo osati kukula kwake. Chinandikhudza kwambiri ndi timadontho toyera tambirimbiri pachithunzipo, akuti timasonyeza kuti timitsempha ting'onoting'ono ta magazi takhala tikuonongeka mwakachetechete kwa zaka chifukwa cha BP ndi shuga, kutanthauza kuti vutoli linayamba kale sitiroko isanabwere nkomwe, ife tinkangoti ndi ukalamba basi, zimandiwawa ndikaganiza. Hippocampus, mbali yomwe imathandiza munthu kusunga zatsopano zomwe waona kapena kumva, sinafote kwambiri, apo pokha mtima wanga unakhalako pansi.

Ndinawerenganso kafukufuku wa Pendlebury ndi Rothwell wa 2009 ku Oxford, anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa 10 amayamba dementia, matenda osokoneza kukumbukira ndi kuganiza, akangodwala sitiroko koyamba, koma sitirokoyo ikabwereza ndi oposa mmodzi mwa atatu. Ndiye pano tikulimbana ndi kupewa yachiwiriyo, mankhwala a BP sakudumphitsa ngakhale tsiku limodzi. Mayeso a kukumbukira otchedwa MoCA omwe anawapanga awabwereza pakatha miyezi 6.