Kodi misika ya m'malire tingaifufuze bwanji m'phunziro la jogalafe ya zachuma?

Akuluakulu ndi anzanga nonse ophunzitsa m'masukulu a ukachenjede, ndikupempha nzeru zanu. Ndimaphunzitsa jogalafe ya zachuma, ndipo chaka chino ndikufuna kuti ophunzira anga achite kafukufuku pa msika wa Lizulu m'boma la Ntcheu, pamene msewu wa M1 umatsata malire a Malawi ndi Mozambique.

Maganizo amene timayambira nawo, monga a katswiri wa zachuma von Thünen a mu 1826 onena kuti mbewu zosachedwa kuwonongeka zimalimidwa pafupi ndi mzinda, anachokera ku Germany, ndipo ine ndikuona kuti sakukwanira kufotokoza chifukwa chimene kabichi, tomato ndi mbatatesi za ku Lizulu zimayendera mtunda wautali kukadyetsa anthu a ku Lilongwe ndi Blantyre. Zikuoneka kuti nyengo yozizira ya kumapiri ndi msewu wa tala ndi zimene zili ndi mphamvu kuposa kuyandikira kwa mzinda.

Vuto langa lagona pa ziwerengero. Kalembera wa mu 2018 amatiuza za chiwerengero cha anthu, koma katundu wambiri wodutsa m'malire kumeneko salembedwa paliponse, ndipo amalonda amakayikira aliyense wonyamula kope poganiza kuti ndi wokhometsa msonkho. Kodi inu amene munachitapo kafukufuku wotere munayeza bwanji kuchuluka kwa katunduyo? Nanga chilolezo munayamba kupempha kwa mafumu kapena ku khonsolo ya boma?