Phazi la wa kabaza: Lisfranc iyi (kuguluka kwa mafupa a pakati pa phazi) ndiyitani ndi ma K-wire (mawaya ogwirira mafupa) okha?

Wa mafupa: Anzanga thandizeni msanga. Mnyamata wa kabaza wa cha ku Bvumbwe, njinga inamugwera phazi litapindika. Kuchipatala chaching'ono anati wangobinya, panado ndi bandeji basi. Wafika kuno patatha sabata, phazi latupa ngati chigumu, kunsi kwake kwada ndi magazi, kuponda sakuponda. Pa X-ray ya AP (yojambula kuchokera pamwamba pa phazi), 2nd metatarsal (fupa lalitali la kumbuyo kwa chala chachiwiri) sikulunjika ndi middle cuneiform (kafupa ka pakati pa phazi kamene imalumikizana nako), mpata wadutsa 2mm, fleck sign (kachidutswa ka fupa kobenthuka mumpatamo) ikuoneka bwinobwino. Ma metatarsal 2 mpaka 5 asendera kunja, 1st ili m'malo. Pa magulu a Myerson a kuvulala kotere, ndi B2 eti? C-arm (makina a X-ray a mu fiyeta) ndilibe, masikuruwu a 3.5mm ndilibe.

Madala a ku Mulanje: Kokani, bwezani, chikhakha. Ife tinayamba zimenezi inu muli ku pulayimale, ndipo anthuwo akuthyola tiyi mpaka lero.

Wa ku Luchenza: Madala, ulemu wanu, koma ayi. B2 ndi zoona. Ligament (mtsempha womanga mafupa) ija yochokera ku medial cuneiform (kafupa ka mbali ya chala chachikulu) kupita patsinde pa 2nd ikaduka, chikhakha sichigwira kanthu. Kutupa kukangophwa mafupa amasenderanso, kenako phazi kuphwatalala, munthu n'kumadandaula ululu moyo wonse. 1 mpaka 3 zimafuna masikuruwu kapena puleti. Ma K-wire ndi a 4 ndi 5, ochotsa pakatha masabata 6, poti mbali imeneyo iyenera kumagwedera.

Sisita wa ku fiyeta: Chonde achimwene, musathamangire mpeni, khungu lichite kaye makwinya, kusonyeza kuti kutupa kwaphwa. Backslab (chikhakha cha mbali imodzi), phazi pamwamba. Ndipo osatseka chikhakha chozungulira! Tinalandirapo bambo wa ku esiteti wopondedwa ndi ngolo ya thirakitala, anamutsekera litatupa choncho. Usiku wonse kukuwa, pethidine (mankhwala amphamvu a ululu) osamva, kungomugwira chala chachikulu analumpha pabedi. Compartment syndrome, kutupa kwa m'kati mwa minofu kotsekereza magazi. Fasciotomy (opaleshoni yong'amba kuti minofu ipume) inachedwa, zala zinapindika mpaka pano.

Madala a ku Mulanje: Ndiye mwanena nokha kuti mpeni ngwoopsa. Chikhakha chong'amba, nkhani yatha.

Wa X-ray: Oblique (X-ray yopendekera) ya 30 degrees mwajambula? Onani ngati 4th ikulunjika ndi cuboid (fupa la mbali yakunja ya phazi). Komanso musamatitumizire munthu wotere kuti aimirire. Weight-bearing (yojambula munthu ataimirira) ndi ya zokayikitsa, ndipo timajambula mapazi onse awiri.

Wa mafupa: Oblique ilipo, 4th yasendera. Ndimutumize ku Queens? Vuto akuti njinga ndi ya bwana wake, amapereka ndalama tsiku ndi tsiku, masabata 6 osaponda sangathe.

Wa ku Luchenza: Imbani kaye foni, atumizireni mafilimu pa WhatsApp. Ngati fupa likukankha khungu pamwamba pa phazi, libwezeni lero lomwe, osadikira ambulansi. Dorsalis pedis (mtsempha wa magazi wa pamwamba pa phazi) muimve kugunda musanabweze ndiponso mutabweza. Za bwanayo muitaneni abwere adzaone filimu yekha.

Madala a ku Mulanje: Mudzandiuza akadzabwera mawaya akutuluka mafinya, atakwera nawo njinga m'matope a ku Thekerani. Wa kabaza simungamugoneke. Chikhakha ndiye amachiopa.

Sisita wa ku fiyeta: Amachiopa? Wina anachidula ndi chikwanje chamukwana kuyabwa.