Ndikajambula kamera ili m'manja vidiyo ikugwedezeka, fokasi ikuthawa, ndithandizeni

Mwana_wa_Chibavi analemba:

Moni nonse akuluakulu ojambula. Ine ndangoyamba kumene zimenezi, ndikupanga kadokyumentale kakang'ono ka anyamata a sakramento, njinga zakabaza zija, kuno ku Mzuzu, momwe amadzukira m'bandakucha, kukwera zitunda atanyamula munthu ndi thumba la makala, ndi zomwe amapeza pa tsiku. Kamera ndi Canon 700D, ndinagula yogwiritsidwa kale ntchito, ili ndi lenzi yake ija ya 18-55 komanso ndinabwereka 50mm f/1.8 kwa mnzanga. Tripod ndili nayo koma siithandiza, anyamatawa sakhala malo amodzi, ukamamaliza kuimika miyendo iye wanyamula kale kasitomala walowera ku Luwinga.

Nde Loweruka ndinajambula tsiku lonse kuyambira pa msika mpaka ku Katoto kamera ili m'manja. Pa kasikirini ka kamera zonse zimaoneka bhobho. Nditafika kunyumba kuika pa laputopu ndinangoti kakasi, chithunzi chikuvina ngati ndili m'bwato pa Nkhata Bay tsiku la mwera, ndipo pamene mnyamata wina amafotokoza za ngozi yomwe anachita, nkhani yogwira mtima zedi, nkhope yake ili mwachimbuuzi koma chikwangwani cha shopu kumbuyo kwake chikuwerengeka bwinobwino. Ndikulakwitsa pati? Ndisunge ndalama ndigule gimbal basi, chogwirira chija choletsa kamera kugwedezeka?

MkuluWaMaukwati analemba:

Achimwene, funso loyamba, pamene nkhope inathawa paja munali pa lenzi iti? Ndikhulupirira inali 50mm ija mutatsegula bowo lake lolowetsa kuwala mpaka f/1.8 chifukwa mumafuna kumbuyo kusungunuke ngati mavidiyo a nyimbo. Lenzi imeneyo pa kamera yanuyo munthu akaima mamita awiri kuchokera pa inu, malo omwe amaoneka bwino ndi pafupifupi masentimita 10 okha, kusafika ndi kutalika kwa foni. Iye akangoweramira kutsogolo poseka, kapena inuyo mwapuma mpweya wambiri, basi watuluka. Komanso lenzi imeneyo ilibe IS, kachipangizo kochepetsa kugwedezeka, ndiye kunjenjemera konse kwa manja kumalowa momwemo. Ibwezeni kwa mwini wake kaye, kapena muziitulutsa pokhapokha munthu wakhala pansi ndipo kamera ili pa tripod.

Ikani 18-55 ija, ikhale pa 18mm, kabatani ka IS kakhale koyatsa. Lenzi ikamaona patali mbali zonse kugwedezeka sikuoneka kwambiri, mukaikokera pa 55 kanjenjemera kakang'ono komweko kamakula katatu. Mukafuna nkhope ikule yendani nokha mumuyandikire munthuyo, zumu isiyeni.

Za fokasi, thimitsani AF, yomwe kamera imasaka fokasi yokha, muike pa MF, yopotokola nokha ndi dzanja. Ma Canon omwe amatsata nkhope bwino pa vidiyo anayamba ndi 70D mu 2013, aja a Dual Pixel, yanuyo imasakasaka, kupita kutsogolo kubwerera, ndipo imakonda zinthu zokhala ndi malemba ngati chikwangwani chijacho. Mukakhala pa 18mm ndi f/8, kutanthauza bowo la lenzi lochepetsedwa, pimani fokasi pa chinthu chomwe chili mamita awiri, ndiye chilichonse kuyambira mita imodzi mpaka kumapeto kwa msewu chizioneka bwino osakhudzanso lenzi. Ine ndimamata ndi katepi kuti kamkombero ka fokasi kasasunthe ndi chala. Musanayambe kujambula dinani batani la galasi lokulitsa lija, 5x kenako 10x, muone maso a munthu ngati ali bwino, kasikirini kaja kamanama makamaka padzuwa.

Thupi nalo. Lamba wa kamera m'khosi, kankhani kamera kutsogolo mpaka lamba akungike, kapena zigongono zigunde nthiti. Dzanja lamanzere pansi pa lenzi osati m'mbali. Mukaima, miyendo motangadza pang'ono, pali khoma kapena polo tsamirani. Ndajambula maukwati zaka zambiri kuchokera nthawi ya matepi, makamera aja a paphewa ankalemera mpaka phewa kuchita dzanzi koma kulemerako ndi komwe kunkaletsa kunjenjemera, ang'onoang'ono a lerowa apepuka mopitirira.

Mwana_wa_Chibavi analemba:

Kkkk akulu mwandigwira, inalidi 50mm pa 1.8. Koma f/8 masana ndinayesapo tsiku lina, kuwala kumachuluka ndiye ndinakweza shutter, liwiro lija lomwe kamera imatengera fulemu iliyonse, mpaka 1/1000, ndi zolakwika?

NyaLuwinga_Pix analemba:

Achimwene 1/1000 imeneyo ikuwonjezera vuto lanu. Mukamajambula mafulemu 25 pa sekondi shutter izikhala 1/50. Mukaikweza kwambiri fulemu iliyonse imauma gwa, masipoko a njinga amaoneka ngati aima, ndipo kugwedezeka kulikonse diso limakuona kawiri, kumakhala ngati kudumphadumpha. Kuwala kukachuluka yankho ndi ND filter, kagalasi kakuda komanga kutsogolo kwa lenzi, yanuyo imalowa ya 58mm. Dzuwa likakhala la mu Okutobala ndi ISO 100 (mlingo wa mmene kamera imamvera kuwala) mufunika ND8, yochepetsa kuwala kasanu ndi katatu, koma mwayi wathu kuno nthawi yozizira kumakhala mitambo ndi nkhungu, m'mawa mutha kujambula popanda. Onaninso mu menyu kuti kamera ili pa PAL, ya mafulemu 25, osati NTSC, ya 30, makamera ambiri akaunjika amabwera ali pa 30 mafulemu, magetsi athu ndi a 50Hz ndiye mukalowa mu golosale kapena m'nyumba ya mababu ena chithunzi chimaphethiraphethira, pa 25 ndi 1/50 zimatha.

Koma ine ndikufuna ndilankhule za kuyenda, poti akulu aja anena za kuima. Musamayende mukujambula ngati palibe chifukwa. Oyamba kumene tonse timadwala matenda omwewo, kamera kumangoyendayenda kumanzere kumanja ngati tochi ya mlonda. Sankhani chomwe mukufuna, imani, werengani mpaka teni chamumtima osasuntha, kenako thimitsani musinthe malo. Phazi pa pedulo, dzanja likulandira chenji, thukuta pakhosi, tcheni chikuguluka, timashoti timeneti ndi tomwe tidzakupulumutseni pa editing, pomwe pagwedezeka mumangophimba ndi kena mawu akupitirira pansi. Zikafunika kuyenda ndithu, pindani mawondo pang'ono, chidendene chiyambe kugunda pansi kenako zala, masitepe aafupiafupi ngati mwasenza ndowa yodzadza ndipo simukufuna madzi atayike. Anthu pa msika akusekani, asiyeni aseke.

Ine ndinajambulapo vimbuza kumudzi chakumtunda kwa Ekwendeni usiku, kuwala kwake moto ndi kanyali kamodzi, pamenepo f/8 iwalani, ndinatsegula lenzi yonse. Chomwe ndinachita ndi kuika fokasi pamalo pomwe wovina amabwererabwerera kutsogolo kwa ng'oma ndi kumudikira pomwepo, osamuthamangitsa ndi kamkombero. Akatuluka amaoneka mwachimbuuzi, akabwerera ali bwino, ndipo poonera zimakhala ngati ndinachita dala. Tripod sindikanaimika n'komwe, malo ake ochepa, komanso anthu anandilola kulowa chifukwa ndinali ndi kakamera m'manja ndakhala pamphasa ndi amayi oimba m'manja, chigongono pabondo. Bondo ndi tripod yabwino kwambiri, yaulere.

Jay_Zolozolo analemba:

Aise osamvera zakalezi, gula gimbal basi, DJI ngakhale yakaunjika. Makasitomala masiku ano akufuna zosalala. Kapena ungojambula mmene ukujambuliramo udzaponye Warp Stabilizer, yochotsa kugwedezeka pa editing, mu pulogalamu ya Premiere, DaVinci Resolve nayo ili ndi yake ndipo ndi yaulere.

MkuluWaMaukwati analemba:

Jay mwana wanga, gimbal ndili nayo ndipo pa ukwati mkwatibwi akamalowa m'tchalitchi ndimaigwiritsa ntchito, sindikuinyoza. Koma taganiza, uyu akuthamangitsana ndi anyamata a njinga tsiku lonse. Gimbal uyambe waibalansa, ukasintha zumu pa lenzi ija yasokonekera, ili ndi batire yakeyake yofuna kutchaja ndi magetsi athu omwewa, manja onse awiri ali pa chogwirira ndiye fokasi apotokola ndani, poti AF ya kamera yake tanena kale kuti ndi yosadalirika? Adzakhala ndi chithunzi chosalala bwino cha munthu wosaoneka nkhope. Ndalama imeneyo bola agule maikolofoni yomanga pa kolala, mphepo ya kuno ukudziwa mmene imaphulitsira maiki a pa kamera, ndipo anthu amapirira chithunzi chogwedezeka pang'ono koma mawu akamangoti phuphuphu amatseka nthawi yomweyo.

Za Warp Stabilizer, imathandiza pa kanjenjemera kakang'ono. Koma imadula m'mbali mwa chithunzi ndi kukulitsa chotsala, 700D imathera pa 1080 ndiye ukadula kwambiri zimafewa. Ndipo makamera awa sensa yake imawerenga chithunzi kuchokera pamwamba kutsika pansi, ukagwedeza mwachangu mapolo amapindika, kompyuta ikayesa kuwongola makoma amayamba kuvinavina ngati phala. Ndinazionapo pa vidiyo ya chinkhoswe china, nyumba yonse kumbuyo kwa ankhoswe ikupuma ngati chule, ndinachita kubwezera yogwedezeka ija.

NyaLuwinga_Pix analemba:

Kuwonjezera pang'ono, ndikudziwa mudzafuna kukwera pa sakramento kumbuyo n'kumajambula msana wa woyendetsa, tonse timalakalaka shoti imeneyo. Sankhani msewu wa phula wosalala, osati wafumbi wa m'makwalala a ku Chibavi, mumuuze apalase pang'onopang'ono, lamba m'khosi, 18mm, zigongono zisagunde thupi ulendo uno koma zikhale zomasuka kuti manja azimeza mabampu. Ndipo mumulipire ulendowo ngati kasitomala aliyense, nthawi yomwe akukuyendetsani akanapanga ndalama. Muwafotokozerenso komwe vidiyoyi ikaonetsedwe asanayambe kulankhula za ngozi ndi ngongole zawo, ena safuna abale kumudzi adziwe kuti ku tawuni amapalasa njinga.

China, m'mawa wa Juni kamera ikachoka kozizira kulowa m'nyumba yofunda momwe akuphika tiyi, lenzi imachita nthunzi, mudzaganiza fokasi yathawanso chonsecho ndi chinyezi. Dikirani mphindi zingapo iume yokha, osapukuta ndi malaya.

Mwana_wa_Chibavi analemba:

Zikomo kwambiri nonse. Ndayang'ana mu menyu, inalidi pa NTSC, ndasintha. Lero madzulo ndinayeserera pa mlongo wanga akuchokera kotunga madzi, 18mm f/8 katepi ndamata, ndinamutsatira kuchokera pa mpopi mpaka pakhomo ndi mayendedwe a ndowa aja, iye wasenza yeniyeni ine yabodza, anthu oyandikana nafe kuseka mpaka kugwa. Koma pa laputopu zasintha zedi, kwatsala kudumpha pang'ono pomwe ndinaponda mwala. Mnyamata wa nkhani ya ngozi uja ndamuimbira, wavomera tibwereze Lachitatu m'mawa asanayambe ntchito, koma akuti ndimugulire tiyi ndi mandasi. Funso lina, ND ya 58mm imapezeka m'mashopu kuno ku Mzuzu kapena ndichite kutumiza munthu wopita ku Lilongwe? Ngati wina ali nayo yongokhala andibwereke mpaka Lachisanu, ndibweza ilibe ndi kachikanda komwe.