Slide rule ya K45,000, ndigule kapena Casio ikwanira?

Bambo a Tadala, Area 25: Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Mwana wanga akulakalaka kukaphunzira zoyendetsa sitima ku Monkey Bay, ndiye wayamba yekha kuphunzira kupeza malo pogwiritsa ntchito dzuwa ndi nyenyezi. Dzulo ku Old Town wina amatitsatsa slide rule (chida chonga rula chochitira masamu) yakale ya masentimita 25, ili m'kachikwama kake kachikopa, K45,000. Mwanayu wakakamira. Ndigule?

Mayi a Chisomo: Samalani nawo anyamata a m'tauniwa. Ine anandigulitsa kakyuleta yolembedwa Casio K18,000, kufika kunyumba batani la sin, lija la masamu a ngodya, silikugwira. M'mawa mwake ndabwerera, munthu wasamuka. Mpaka lero zimandiwawa.

Bambo a Tadala: Pepani mayi, koma ndimafunsa za slide rule.

Agogo a ku Kawale: Gulani! Ife masamu tinawadziwira pomwepo, tisanaone kakyuleta. Yanga ikadalipo, sinapemphepo batire. Ana a lero akangowalanda foni mutu umaima.

Mphunzitsi wa Masamu: Agogo, ulemu wanu, koma apa ayi. Slide rule yotalika choncho imapereka manambala atatu okha odalirika. Dzuwa likakwera madigiri 60, sin yake ndi 0.866. Diso likaphonya pang'ono n'kuwerenga 0.867, mwasemphana ndi maminiti pafupifupi 7 a digiri. Miniti imodzi ndi mamita 1,852 panyanja, kutanthauza kuti mwasochera makilomita pafupifupi 13. Komanso slide rule siphatikiza manambala, mwanayo azichitabe pa pepala. Casio imapereka manambala 10.

Agogo a ku Kawale: Nanga oyendetsa ndege akale ankafika bwanji?

Mphunzitsi wa Masamu: Ena ankagwiritsa ntchito slide rule yotchedwa Bygrave, yooneka ngati chitini, ya m'ma 1920. Imeneyo inkalondola mpaka pafupifupi miniti imodzi. Si imene aona bambowa.

Achimwene a ku Biwi: K45,000? Ine ndinaiona pa kaunjika K10,000. Koma bwanji osangotsegula GPS pafoni, zaulere?

Nachisale: Foni ikagwera m'madzi mukatsegula chiyani, achimwene?

Mphunzitsi wa Masamu: Ndalamayo mugulireni wotchi yabwino. Ikaphonya masekondi 4 okha, mwataya kale miniti imodzi ya longitude, muyeso wa malo kuchokera kum'mawa kupita kumadzulo.

Mayi a Chisomo: Mawotchinso abodza ali mbwee.

Bambo a Tadala: Wogulitsa uja waimba, akuti 35 atenga. Mwana ali pakhomo pano wavala kale nsapato.