Boti langa la IOM likumiza mphuno mphepo ikangokula, ndatopa nalo

Wa ku Chilenje:
Akuluakulu thandizeni, mutu waima. Boti lija la IOM (kaboti ka matanga ka mita imodzi, koyendetsa ndi radio) ndinaumba ndekha ndi fibreglass ndaliyesa kachitatu Loweruka, zomwezomwezo. Kukakhala kamphepo kayaziyazi likuyenda bwinobwino. Koma mphepo ya Ogasiti ino ikangolimenya kumbuyo, mphuno ikumira mpaka pa mast, rudder (chiwongolero) n'kutuluka m'madzi, boti n'kumazungulira lokha ngati laledzera. Pokwera mphepo nakonso likungokhotera komwe mphepo ikuchokera, chala sichikuchoka pa stick ya radio. Sikelo ikuti 4.05 kg, keel (chipsepse cha pansi pa boti) 2.4 kg, rig No. 1 (matanga aakulu kwambiri). Mpikisano wathu watsala masabata awiri. Ndisunthe bulb (mtovu wa kunsonga kwa keel) kapena ndingolisonkhezera pamoto?

Madala a ku Matero:
Batire, mwana wanga. Winch ikamakoka thanga pa mphepo yamphamvu imadya moto wambiri, voltage imagwa, receiver imathima kamphindi, rudder n'kufa. Ndi kuthimathima kwa magetsiku, unaitchaja mpaka kudzaza?

Kalipentala wa ku Kalingalinga:
Achimwene, No. 1 mu Ogasiti? Malamulo a IOM amalola ma rig atatu pa chifukwa chimenechi. Lusaka ili pamwamba, pafupifupi mamita 1,300, mpweya ndi wopepukirako, ndiye tinazolowera kukakamira No. 1 kuposa anzathu a m'mphepete mwa nyanja zamchere. Koma mphepo ikabwera mwamkokomo thanga lalitali limakankha kunsonga kwa mast, mphuno ipita kuti? Ikani No. 2, ya matanga ocheperako. Za kukhoterako, weramitsani mast kutsogolo pang'ono, mamilimita ochepa chabe, mumasuleko kicker (chokokera pansi mtengo wa kunsi kwa thanga) kuti kumtunda kwa main, thanga lalikulu, kuzitaya mphepo. Onaninso jib, thanga la kutsogolo, ikatseguka kwambiri main ili yomanga boti limakhota choncho.

Wa ku Chilenje:
Madala, batire ndi yatsopano, ndinaiyeza ndi meter. No. 2 ndilibe, matanga ake sindinadule. N'chifukwa chake ndikufunsa za bulb.

Madala a ku Matero:
Unaiyeza ili patebulo. Uiyeze winch ikukoka.

Mlongo wanu wa ku Kabwata:
Bulb musaikhudze chonde. Mukaisuntha mwasintha kakhalidwe konse ka boti pamadzi, ndipo mukaboola molakwika palibe kubwerera. Yambani ndi zomwe zimabwezeka: batire ipite kumbuyo, ndi timtovu towonjezera kulemera ngati munaikamo. Muliike m'bafa muone ngati kumbuyo kukungokhudza madzi osamira. Musaiwale kuti keel siyenera kupitirira 2,500 g, ndipo boti lonse lisatsike pa 4 kg. Inu mwatsala ndi 50 g yokha yoseweretsa.

Kalipentala wa ku Kalingalinga:
Zoona alongo. Ndipo ngati mukuganiza zoumba bulb ina, bwerani mudzaone mkono wangawu kaye. Ndinatolera timtovu ta mawilo a galimoto kwa anyamata okonza matayala, n'kusungunula m'chitini pambaula. Chikombole cha pulasitala ndinachiyanika masiku awiri, ndimati chauma. Kungothira, phuu! Mtovu unalumpha mpaka pamalata, dontho lina n'kutera padzanja, lina linaboola nsapato. Chinyezi chochepa chomwe chimasanduka nthunzi nthawi yomweyo. Mayi a kunyumba anandithamangitsa pakhonde mwezi wathunthu, akuti ndiwaphera ana ndi utsi, ndipo sanalakwe. Musasungunulire m'nyumba, musatenge poto wakukhitchini, ndipo mabatire akale a galimoto asiyeni, asidi wake si masewera.

Mnyamata wa DF65:
Mabwana, munaona ngati m'kati simukulowa madzi? Langa la DF65, kaboti kakang'ono kogula kopangidwa kale, linkatero, kupeza madzi theka la kapu akuthamangira kutsogolo likangowerama. Chigamba cha pa deck chinali chitamatuka.

Madala a ku Matero:
Madzi akalowa amanyowetsa waya wa batire. Tabwerera pomwe paja.

Mlongo wanu wa ku Kabwata:
Madala, ndi ulemu wonse, batire simiza mphuno ya boti.

Madala a ku Matero:
Ine ndinayamba izi ma radio akadali a makristalo a 27 MHz, tikuyembekezana kuti wina atsitse mlongoti wa radio yake. Maboti amene ndawaona akutayika, ambiri ndi batire. Langa linathima pakati pa damu ku Chongwe, mphepo n'kulikankhira m'bango. Ndinavula buluku n'kulowa, matope mpaka m'chiuno. Patapita miyezi ndikukodza magazi, kuchipatala akuti likodzo. Aliyense asalowe m'madamuwa ndi miyendo, tengani chingwe cha mbedza kapena chubu. Ku Kafue ndiye musayerekeze n'komwe, kuli ng'ona.

Kalipentala wa ku Kalingalinga:
Ku Kafue ngakhale popanda ng'ona, namasupuni yekha akakola keel ya 420 mm boti laima. Ine jumbo ya pulasitiki inandichotsa pa nambala 1 kundisiya kumapeto, ndikutukwana rudder yosalakwa.

Mnyamata wa DF65:
N'chifukwa chake ine ndinangogula la m'bokosi, onse ofanana, palibe zoumbaumba. Kodi Lamlungu ndani ali ndi malo m'galimoto? Ndili ku Chelstone.

Madala a ku Matero:
Ndikutenga pa 7. Wa ku Chilenje abwere ndi batire ija, meter ndibweretsa ndine.