Kujambula usiku ndi amp ya mavalavu, sipika tizule?

Wagitala wa ku Chilomoni: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndabwereka amp ya gitala ya mavalavu, Fender Hot Rod Deluxe ya 40W ija, ndipo ndikufuna kujambula magitala usiku. Imamveka bwino ukaikweza, koma nyumba za lendi mukuzidziwa, khoma ndi limodzi ndi aneba. Ndaganiza zozula waya wa sipika kumbuyoko, mawu nditenge pa Preamp Out (potulukira mawu asanafike ku mbali yopereka mphamvu ku sipika) kupita mu soundcard ya kompyuta. Kutchalitchi kwathu a bass akhala akutero ndi Hartke HA3500 chipsere bokosi lawo, ndipo ili bwinobwino.

Wa PA, Area 25: Zulani achimwene. Ife ma amp a PA (zokuzira mawu za pamisonkhano) timawayatsa opanda masipika tsiku lililonse.

Mkonzi wa ku Limbe: Ayi ayi, musazule! Makina awiriwo ndi osiyana. Hartke ili ndi valavu imodzi ku preamp kokha, mbali yopereka mphamvu ndi ya matransistor, chimodzimodzi ma amp a PA. Zoterezo zikasowa sipika zimangokhala phee, palibe magetsi otuluka. Chomwe zimadana nacho ndi ma ohm ochepa: HA3500 imalekezera pa 4 ohm, mukalumikiza mabokosi atatu a 8 ohm pamodzi mwaipha. Fender yanuyo ili ndi mavalavu awiri a 6L6 ndi output transformer pakati pa mavalavuwo ndi sipika. Transformer imasunga mphamvu m'chitsulo chake n'kuipereka ku sipika. Sipika ikachoka mphamvuyo ilibe kolowera, imabwerera m'mbuyo ngati volteji yokwera kwambiri, n'kuboola vanishi wa mawaya a transformer kapena kuthetheka pa masoketi a mavalavu. Mukamakweza volume m'pamene zimaipiratu. Ndipo transformer imeneyo siipezeka mu Limbe muno, n'kuchita kuitanitsa kunja.

Wa PA, Area 25: Koma madala, ndinamva kuti ma Fender ali ndi jack (polowetsa plug ya waya wa sipika) yodziteteza.

Mkonzi wa ku Limbe: Ambiri ali nayo, ukazula plug imagunditsa yokha mawaya a output. Inaikidwa kuti ipulumutse amp waya akazuka mwangozi, osati kuti munthu aziimbirapo usiku wonse mavalavu akufiira. Komanso ngati plug ili momwemo koma waya waduka ku sipika, jack ija siithandiza kanthu.

Wagitala wa ku Chilomoni: Nanga ndikaisiya pa standby?

Mayi wa ku studio, Mzuzu: Pa ma amp ambiri standby imadula volteji ya mavalavu onse, a preamp omwe, ndiye simumva kalikonse. Chitani izi: sipika isiyeni m'malo mwake. Tengani mawu pa Preamp Out monga mwanenera, kenako lowetsani plug yopanda waya pa Power Amp In, polowera mawu opita ku mavalavu aakulu. Plug ikalowa pamenepo imadula njira yochoka ku preamp, mavalavu aakulu aja salandira nyimbo, sipika imangoti siii pang'ono, transformer ikadali ndi load yake, kutanthauza sipika yolandira mphamvuyo. Chokhacho, mawu a Preamp Out ndi owuma, okanda m'makutu, makamaka pa drive, chifukwa sipika ya 12 inch ndi imene imadula mawu osongokawo. Muikepo cab IR (fayilo yotsanzira kamvekedwe ka bokosi la sipika) pa kompyuta, zaulere zilipo zambiri.

Wagitala wa ku Chilomoni: Zikomo asisi. Koma chomwe ndabwerekera amp imeneyi ndi kulira kwa ma 6L6 akakwezedwa. Ndikawadula, bola kungogwiritsa plugin yotsanzira amp pa kompyuta.

Mayi wa ku studio, Mzuzu: Ndiye mukufunika load box, kabokosi kolandira mphamvu ya amp m'malo mwa sipika. Two Notes Torpedo Captor ya 8 ohm imanyamula mpaka 100W, ili ndi XLR yopita ku soundcard. Mtengo wake ndiye wowawa.

Wa PA, Area 25: Ndili ndi DI (kabokosi kotengera mawu kupita ku soundcard) yolandira mawu kuchokera pa waya wa sipika, ndingakubwerekeni.

Mkonzi wa ku Limbe: DI si load, bwana. Imangotapa kamawu pang'ono, sipika iyenera kukhalabe pa Thru, potulukira pa DI popitiriza mphamvu ku sipika. Anthu ambiri apsereza ma amp pamenepa. Ngati ndalama ya Captor palibe, dummy load, yolowa m'malo mwa sipika, timapanga: maresistor awiri a 16 ohm 100W, a chikopa cha aluminiyamu aja, mu parallel, zikupatsani 8 ohm. Muwamange ndi mabawuti pa heatsink (chitsulo chomwaza kutentha) yaikulu, poti 100W yolembedwayo amaikwanitsa akakhala pa heatsink basi, ndipo amp ya 40W ikamalira mokhadzula imatulutsa zoposa 40W. Waya akhale wa sipika, osati wa gitala, wa gitala ndi wopyapyala, amatha kusungunuka n'kukusiyani opanda load. Mawu ake safika pa a Captor chifukwa resistor ndi 8 ohm ponseponse pomwe sipika imasinthasintha, koma amp ikhala yotetezeka. DI ya a PA ikatero ndiye ili ndi ntchito: amp ilowe mu DI, dummy load ikhale pa Thru.

Wagitala wa ku Chilomoni: Ndiyamba ndi za plug usiku uno. Madala, maresistorwo muli nawo?

Mkonzi wa ku Limbe: A 16 ohm anatha, ndatsala ndi a 8 ohm 50W. Anayi akwana, awiriawiri mu series, kenako magulu awiriwo mu parallel, zibwerera pa 8 ohm. Heatsink tichotsa mu amp yakufa. Bwerani Loweruka m'mawa ndi Fender yomweyo, tiyeze load pa mita tisanailumikize.